Bolopeni Yofiira pa Tsiku la Zilembo

Pochoka ku Malawi m'chaka cha 2002 ndinanyamula mabolopeni ofiira asanu ndi imodzi. Anzanga popita kunja amanyamula ufa, usipa ndi chambiko. Ine ndinanyamula zida za ntchito, poganiza kuti ku Mangalande nakonso kuli ana olemba zolakwika amene akungodikira ine. Ndinali nditaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina ku Ntcheu zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinkaopedwa. Kumbali ana ankanditcha mphunzitsi wa chipewa, chifukwa cha chilembo chija cha ŵ, w wovala kachipewa amene ali m'dzina la dziko lathu. Anthu ambiri anasiya kale kumuveka, koma m'kalasi mwanga mwana akalemba Malawi w wake ali mutu pamtunda ankataya malikisi awiri, ndipo ine ndinkagona tulo tabwino.

Mkazi wanga ndi namwino. Ndiye anapeza ntchito pa chipatala china ku Sheffield, ndipo ine ndi mwana wathu wamkazi, wa zaka zitatu pa nthawiyo, tinabwera ngati katundu wake. Yanga ntchito inapezeka ku Rotherham, m'chinyumba chosungiramo katundu, kunyamula makatoni. Zolemba zimene ndinkawerenga tsiku lonse zinali manambala ndi timivi tolozera kumwamba. Kumeneko palibe amene ankadziwa kuti ndinagwirapo choko. Koma tikakumana Amalawi ku mapemphero Lamlungu ankandiitanabe kuti Aphunzitsi, ndipo pofuna kuti dzinalo lisachite dzimbiri, ndinkakonza kalembedwe ka pa timapepala ta nyimbo ulaliki uli mkati. Pomaliza ndinkabweza kapepalako kwa mlembi wa mpingo, kali psuu. Sindikumbuka kuti anandithokozapo.

Mwana wathu anakula monga amakulira ana a kuno. Chichewa ankamva bwino lomwe, makamaka mawu oti chakudya chapsa, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi, Chingerezi chakenso cha ku Yorkshire chomeza zilembo, choti ine ndinkachita kutchera khutu. Atakwana zaka zisanu ndi ziwiri ndinati ayi, mwana wa mphunzitsi wa Chichewa sangakhale mbuli ine ndili moyo. Ndinatsegula sukulu pa tebulo la kukhitchini, Loweruka lililonse m'mawa. Mphunzitsi wamkulu ndinali ine, woyendera sukulu ndinali ine, wophunzira anali mmodzi.

Sukuluyo inayenda masabata anayi. Loweruka lachinayi ndinamuuza kuti alembe moni. Anatulutsa lilime pang'ono, nkulemba mosamala kwambiri kuti moolee bwanjee. Analemba monga momwe ankamuphunzitsira kusukulu kwawo, ndipo kunena zoona, Mngerezi aliyense powerenga zimenezo akanapereka moni womveka bwino. Koma ine ndinaseka. Ndinaseka mpaka misozi, ndinazunguliza mawu onse awiri ndi inki yofiira, ndipo masana ake kutabwera alendo, banja lina la ku Zambia, ndinatulutsa kope lija kuti nawonso asekeko. Anaseka mwaulemu. Mwana anali atakhala pa masitepe, akumva zonse. Loweruka lotsatira anati mutu ukumupweteka. Lotsatiralo anati ali ndi homuweki ya "real school", ndipo mawu amenewo anawatchula osameza chilembo ndi chimodzi chomwe.

Ndikanatha kungoiwala za sukuluyo pakanapanda bambo anga kumudzi. Iwonso anali mphunzitsi, wa pulayimale, wopuma ntchito, ndipo ndi amene anandigwira dzanja polemba a wanga woyamba. Makutu awo anali atayamba kugontha, moti pa foni tinkangokuwizana kuti "Mwati chiyani?" mpaka khadi kutha. Choncho tinkalemberana makalata. M'kalata ina analemba kuti: "Mdzukulu wanga anachoka kuno akuyamba kumene kuyankhula. Mawu ake sindingawamvenso. Andilembereko m'chinenero chathu ndi dzanja lake, ndione ndisanatsikire kuli chete." Matenda a shuga anali atawagwira, ndipo ndinkadziwa kuti sakuwopseza.

Ndinamupempha mwanayo. Anapukusa mutu. Ndinamulonjeza nsapato zija za timatayala zimene ankazilira. "You'll only laugh, Dad," anatero, nkukwera kuchipinda kwake.

Ndiye ndinachita zimene ndinkakwapulira ana a eni: ndinabera mayeso. Ndinatenga pensulo, ndinakhala pa tebulo lomwe lija, nkulemba kalata ndi dzanja lamanzere kuti zilembo zipendekeke ngati za mwana. "Okondedwa agogo, ndikhulupirira kuti muli bwino monga inenso ndili bwino kuno." Pansi pake ndinajambulako kaduwa. Mkazi wanga anandipeza ndikukapaka utoto kaduwako.

"Abambo, zimene mukuchitazi n'zoona? Kunamiza bambo anu okubalani?"

"Sindikuwanamiza ayi. Ndikungomuyimira mwanayu."

"Oo, mukumuyimira. Lachiwiri ali ndi appointment kwa dentist, mukamuyimirenso kumeneko."

Makalata otere ndinatumiza atatu m'chaka chimodzi ndi theka. Bambo ankayankha mwachidule, kuthokoza basi, osafunsa kanthu za mwanayo. Ine mumtima ndinkati akalamba, saona bwino, ndipo ndinkadziyamikira luso.

Mu 2007, m'nyumba yoyandikana ndi yathu, pa msewu wokwera uja umene unkandimaliza mpweya ndikamachokera ku basi, munalowa banja la ku Bulgaria. Bambo wake ankayendetsa magalimoto a katundu ndipo sitinkamuona kawirikawiri. Mwana wawo wamkazi anali msinkhu umodzi ndi wathu, ndipo pasanathe mwezi unali ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Mayi wake, amene ndizimutcha mnansi, kwawo anali mphunzitsi wa ana aang'ono. Kuno ankakolopa m'maofesi mbandakucha. Tikakumana pa mpanda wa kuseri poyanika zovala tinkamvana ngati anthu awiri ogwa mu mtengo umodzi. Kusiyana kwake kunali koti iye Loweruka masana ankasonkhanitsa ana a kwawo m'chipinda chake chochezera nkumawaphunzitsa kulemba chinenero chawo, ndipo ophunzira ake mutu sunkawapweteka. Wathu ankapita nawo. Ine ndinkati akutsata makeke.

Kumayambiriro kwa Meyi 2008 mnansi anagogoda pakhomo kudzatiitana. Anati pa 24 mwezi womwewo kwawo ndi tsiku lalikulu, tchuthi cha dziko lonse, tsiku la zilembo. Ndinayesa kuti sindinamve bwino Chingerezi chake. Tsiku la ufulu ndimalidziwa, la anakubala ndimalidziwa, koma la a, b, c? Anafotokoza kuti zaka zoposa chikwi zapitazo kunali abale awiri, anthu a Mulungu, amene anapangira mitundu ya kumeneko zilembo kuti imve Mawu m'chinenero chake. Ophunzira a abalewo anafika ndi ntchitoyo ku Bulgaria nkukonza zilembo zimene akulemba nazo lero. Pa tsikulo ana a sukulu amaguba m'misewu, amakongoletsa zithunzi za abalewo ndi maluwa, ndipo aphunzitsi nawo amapatsidwa maluwa. Ku Sheffield sakanatha kutseka msewu, ndiye anali atabwereka holo ya tchalitchi china.

Mtima wanga unakakamira pa mawu oti aphunzitsi amapatsidwa maluwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusenza makatoni, osadziwa kuti padziko pano pali mtundu wa anthu umene umatseka maofesi chifukwa cha zilembo! Ndinamufunsa, modzichepetsa monga mwa khalidwe langa, ngati angakonde kuti ineyo, monga katswiri wa chinenero cha ku Afirika, ndidzalankhulepo mawu pang'ono. Anamwetulira nkugwedeza mutu, m'mwamba ndi pansi. Ndinamuthokoza ndi manja awiri. Anaoneka wodabwa ndi kuthokozako, koma sindinalabadire.

Masabata atatu ndinakhala ndikukonza mawu pang'onowo mpaka anadzaza masamba asanu. Mutu wake unali ŵ. Ndinkafuna kuwauza anthuwo kuti nafenso si ife chabe: zilembo tinachita kubwereka kwa azungu, inde, koma chimodzi tinachiveka chipewa. Patapita nthawi ndinamva kuti a ku Wales nawonso ali naye w wa chipewa, koma imeneyo ndi nkhani ina yopweteka. Ndinkayeserera m'basi ya ku Rotherham, milomo ikungogwedera, mpaka mayi wina wachikulire anandigwira phewa nkundifunsa ngati ndikupeza bwino.

Tsikulo linagwa Loweruka. Ndinavala suti imene ndinakwatira nayo, batani lapakati likupempha chifundo. Mkazi wanga anali atasinthana shifiti ndi mnzake kuti apite nafe. Tinatsika phiri lathu nkukwera thiramu, kasitima kaja koyenda mumsewu, ine ndikusisita thumba la jekete momwe munali masamba asanu ndi bolopeni yofiira, imene sinkandichoka ngati korona wa Mkatolika. Mwana anakhala payekha pawindo, atakumbatira chikwama chake.

Mu holo munali anthu ngati makumi anayi, fungo la buledi wawo wopyapyala wa tchizi, ndi chithunzi cha madoda awiri a ndevu chitazunguliridwa ndi maluwa ndi masamba. Mwana aliyense anali atapachika pakhosi chilembo chachikulu cha katoni. China chinali ngati kangaude, china ngati nkhokwe ya miyendo, china ngati chipeso cha mano atatu. Koma zina ndinazizindikira: H, P, C. Apo ndinalimba mtima. Ndinaweramira kamtsikana kovala P, nkukauza mokweza, kuti makolo amve kuti pafika munthu wa ntchitoyi: "Iwe ndiwe P, eti? P wa pensulo." Kanandiyang'ana mwachisoni.

"It's R," ananong'ona mwana wanga kumbuyo kwanga. "And that's N, and that's S. Dad, please, just sit down."

Ndinakhala pansi.

Anaimba nyimbo yawo ya tsikulo ataimirira, ena akupukuta misozi. Ana analakatula ndakatulo. Kenako aphunzitsi anaitanidwa kutsogolo kukalandira maluwa: mnansi, ndi bambo wina wa imvi amene kwawo ankaphunzitsa masamu. Ine ndinanyamuka pang'ono pa mpando kuti akandiitana ndisachedwe. Ndinatsala chomwecho, osakhala osaimirira, mpaka ntchafu zinayamba kunjenjemera. Pa nthawi yopuma ndinapita kwa mnansi kukafunsa kuti nanga ine ndilankhula nthawi yanji.

Anagwira pakamwa. Anati anandiyankha tsiku lomwe lija kuti ayi, nthawi yonse ndi ya ana. Ndinati koma munagwedeza mutu. Anati eya, kwawo kugwedeza mutu chotero ndiye kukana, kuvomera amachita kupukusa. Anapepesa kwambiri, uku akugwedeza uku akupukusa, moti sindinadziwenso ngati akupepesa kapena akubweza kupepesako. Mkazi wanga anamva zonse. Anangotsegula chikwama nkundipatsa switi, monga amachitira ndi mwana amene wangomubaya jekeseni.

Ndinali ndikuganiza zozemba pamene mnansi anaomba m'manja nkulengeza m'zinenero ziwiri kuti watsala mwana mmodzi, mlendo wawo, amene waphunzira zilembo zawo zonse makumi atatu ndipo walemba yekha zoti awerenge. Mwana wanga anaimirira. Anatambasula pepala, ndipo kuchokera pamene ndinakhala ndinkaona akangaude ndi nkhokwe zija zitafola mizere. Ndisaname, ndinamva nsanje. Zilembo za eni ake waziloweza, za bambo ake akuzithawa.

Anatsegula pakamwa.

"Agogo, muli bwanji? Ine ndili bwino. Ndili ndi zaka naini. Nyumba wathu ali pa phiri."

Mkazi wanga anandifinya bondo. Chinali Chichewa. Chokhotakhota, magulu a mayina atasokonezeka ngati mbuzi za pamsika, koma Chichewa, cholembedwa m'zilembo za ku Bulgaria. Anthu a mu holo ankamwetulira, osatolapo kanthu. Mwana anapitiriza, maso ali pa pepala.

"Makalata atatu aja sindinalembe ine. Analemba adadi ndi dzanja ya left. Pepani. Ine ndimaopa kulemba chifukwa adadi ali ndi pen yofiira ndipo amaseka. Zilembo izi adadi sadziwa, so sangapeze mistake. Sindikumbuka nkhope yanu koma amami amati makutu anga ndi anu. Ndimakukondani. Musafe kaye."

Holo yonse inaomba m'manja. Bambo wa masamu uja anatembenuka nkundigwira chanza mwamphamvu, kundiyamikira chifukwa cholera mwana wanzeru. Mlandu wanga wonse unali utawerengedwa poyera pamaso pa anthu makumi anayi, koma anaumva ndi awiri okha, wopalamula ndi mboni. Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo chibadwire. Ndinalinso wokondwa, kukondwa kwenikweni kofuna kulira, ndipo kunkandipweteka kuti pa zonse zimene mwanayo anachita bwino panalibe dzanja langa.

Anabwera nkundipatsa pepala lija osandiyang'ana. Ndinalitembenuza uku ndi uku. Dzanja langa lopanda manyazi linali litafika kale m'thumba la jekete, pa bolopeni. Koma ndikanazunguliza chiyani? Ine, mphunzitsi wa Chichewa wa zaka khumi ndi chimodzi, ndinagwira kalata ya Chichewa yolembedwa ndi mwana wanga, osatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi. Ndinamufunsa kuti poyambira ndi pati. Analoza ndi chala: агого. A, kakhasu, o, kakhasu, o.

"Agogo," anatero.

Pobwerera, m'thiramu, anandiuza kuti mnansi anawaphunzitsa kuti ndi zilembo zawo munthu amangolemba zimene akumva, ndipo iye atayesa mawu a kunyumba anaona kuti akukwana. Anayamba ndi mayina a zakudya, kenako zonena za amayi ake akakwiya, kenako kalata. Zimenezi n'zimene ine ndinayenera kumuuza za zilembo zathu zomwe, tsiku lija la moolee bwanjee, m'malo moseka. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti kalumoko kamayamba ndi kumeta mwini nyumba.

Mawa lake titachoka ku mapemphero tinakhala pa tebulo la kukhitchini lija, mipando titasinthana. Agogo sakanatha kuwerenga akangaude, ndiye tinagwirizana kuti mwanayo aziwerenga, ine ndizilemba pansi pa mzere uliwonse m'zilembo zathu, ndi bolopeni yabuluu. Lamulo lake linali limodzi: osakonza kanthu. Nditafika pa "nyumba wathu" dzanja linaima lokha.

"Mwanawe, apa pokha. Ndi kachilembo kamodzi."

"No."

"Agogo ako ndi mphunzitsi. Adzati ine kuno ndikuchita chiyani?"

"Abambo," anatero mkazi wanga ali pa sinki, osatembenuka, "lembani zimene mwauzidwa."

Ndinalemba nyumba wathu. Ndinalemba dzanja ya left. Ndinalembanso, ndi dzanja langa lamanja, kuti adadi amaseka. Mwanayo atayendera ntchito yanga mzere ndi mzere anamata yekha envulopu, kuopa kuti ndingaitsegulenso.

Yankho linatenga masabata asanu ndi limodzi. Masabata onsewo ndikamva makalata akugwa pakhomo ndinkathamanga, ndikuopa ziwiri: kuti bambo akwiya, kapena kuti kalata yafika mochedwa. Itabwera, m'envulopu munali mapepala awiri. Langa linali lalifupi.

"Mwana wanga, makalata atatu aja ndinawadziwa tsiku lomwelo. Mwana wokulira ku Mangalande saveka w chipewa, koma iwe unaveka onse, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Ndinakhala chete chifukwa ndinaona kuti zikukuvuta, komanso kaduwa kaja unkajambula bwino. Bolopeni yofiirayo ndinakuphunzitsa ndine. Itaye."

Pepala lachiwiri linali la mdzukulu, la zilembo zikuluzikulu ndi mawu afupiafupi. Analiwerenga yekha mokweza, pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, ine nditaluma lilime. Agogo anati nyumba yawo nayonso ili pa phiri. Anati makutuwo awasamale, ndi a mtundu. Anati ayesetsa kusafa kaye, bola iye azilemba. Pansi pake, posainira, mkulu uja anali atakopera liwu loyamba la kalata ya mwanayo, m'zilembo za ku Bulgaria. Linali liwu lokhalo limene ine ndinkalidziwa m'zilembozo, ndipo diso langa linaona msanga kuti khasu lachiwiri layang'ana kumbuyo.

Chizolowezi ndi matenda. Chala changa chinanyamuka chokha.

"Taona, apa agogo alakwi..."

Mwana anaphimba liwulo ndi chikhatho chake. Anandiyang'ana m'maso, ndipo sanandiyankhe m'Chingerezi.

"Asiyeni, adadi. Ndawerenga."

Ndinabweza chala changa.